Kuchedwa si mankhwala: kuwerenganso kafukufuku wa zilonda zamoto wa ku Lilongwe

Mwezi wa Juni chaka chatha ndidali nawo pa maphunziro a masiku awiri a azaumoyo m'boma lina la m'chigawo chapakati. Titafika pa nkhani yotumiza odwala ku chipatala chachikulu, mnzathu wina wochokera pa chipatala chaching'ono adanena mosakayika kuti masiku ano mwana wopsa safunika kuthamanga naye, chifukwa kafukufuku wa ku Lilongwe adaonetsa kuti opaleshoni yofulumira imapha. Maganizo ake adali oti mwanayo asungidwe pomwepo sabata imodzi, azitsukidwa bala, kenako ndiye aitanitse ambulansi. Ena adagwedeza mitu kuvomereza. Kafukufukuyo alipodi, ndipo ziwerengero zake n'zoopsa monga momwe mnzathuyo adamvera. Koma za kusunga mwana pa chipatala chaching'ono mulibemo, ndipo ngakhale zimene zilimozo n'zofunika kuziwerenga modekha. Nditabwerera kuntchito ndidalitenganso pepalalo n'kuliwerenga katatu.

Lidatuluka mu 2015 m'magazini ya zachipatala yotchedwa Burns. Adalilemba ndi Gallaher, Mjuweni, Charles ndi anzawo, pogwiritsa ntchito kaundula wa wodi ya opsa ya pa chipatala cha Kamuzu Central, yomwe idatsegulidwa mu 2011 mogwirizana ndi University of North Carolina. Adaona odwala onse 905 amene adagonekedwa m'wodimo kuyambira 2011 mpaka 2014. Mwa iwo, 275 adalowa ku fiyeta. Theka la amenewa adali ana a zaka zisanu kapena kuchepera apo, ndipo wodwala wapakatikati adali atapsa 15 peresenti ya thupi lake. Ofufuzawo adawagawa pawiri: 91 amene adachitidwa opaleshoni pasanapitirire masiku asanu chipsereni, ndi 184 amene adachitidwa masiku asanu atadutsa. M'gulu lofulumira adamwalira 25.3 peresenti, m'gulu lochedwa 9.2 peresenti. Atawerengeranso poganizira zaka za wodwala ndi kukula kwa bala, kusiyanako sikudathe: pafupifupi 26 pa 100 aliwonse m'gulu loyamba, 11 pa 100 m'gulu lachiwiri. Olembawo adamanga nkhani kuti m'malo osowa zipangizo ngati kwathu kuno, opaleshoni yofulumira imachulukitsa imfa.

Zimenezi zidadzidzimutsa anthu chifukwa kwa zaka zoposa 40 mabuku a maopaleshoni akhala akuphunzitsa zosiyana. Khungu lopsa mpaka pansi ndi nyama yakufa. Magazi safikamo, choncho mankhwala opha tizilombo amene timabaya m'mitsempha safikamonso, ndipo tizilombo timaswana momasuka pansi pa chikhungwa cholimbacho. Kale madokotala ankangodikira kuti chikhungwacho chiwole n'kusupuka chokha, zomwe zinkatenga masabata atatu kapena kuposa apo, ndipo ambiri ankafa ali chidikirire. Mu 1970 Zora Janžekovič, dokotala wamkazi wa ku Maribor m'dziko lomwe lero ndi Slovenia, adafalitsa njira yosenga khungu lakufalo pang'onopang'ono ndi mpeni mpaka kufika pa mnofu wotuluka magazi, n'kumatapo nthawi yomweyo khungu lopyapyala lotengedwa pena pathupi pa wodwala yemweyo. Mu 1989 gulu la David Herndon ku Galveston, ku Texas, lidayerekeza njira ziwirizi pogawa odwala mwamaere. Mwa achinyamata a zaka 17 mpaka 30 amene sadapume utsi, imfa zidatsika kuchoka pa 45 peresenti kufika pa 9 peresenti. Pali mbali ina ya zotsatira zomwezo imene kawirikawiri sitiitchula: mwa opitirira zaka 30, ndi mwa amene utsi udawawononga mapapo, padalibe kusiyana. Mu 2006 Ong ndi anzake a ku Singapore ataphatikiza makafukufuku oterewa, adapeza phindu lomwelo pamodzi ndi mtengo wake: wodwala wa opaleshoni yofulumira amafuna magazi ochuluka.

Ndisanayambe kutsutsa, ndithokoze kaye. Kulemba wodwala aliyense kwa zaka zitatu m'wodi ya opsa, momwe kutsuka mabala kokha kumadya tsiku lonse, si ntchito yamasewera. Pamafunikanso mtima kuti munthu afalitse zotsatira zotsutsana ndi zimene aphunzitsi ake adamuphunzitsa. Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 180,000 amafa ndi kupsa chaka chilichonse, ambiri mwa iwo m'mayiko osauka ndi opeza pakatikati, koma kafukufuku wochuluka amachokera kumene imfazo n'zochepa. Wodi ya opsa ya ku Queen Elizabeth Central ku Blantyre idatsegulidwa mu 1993, komabe kwa nthawi yaitali tinkachiza mwana wa ku Ndirande kapena wa ku Mitundu ndi ziwerengero za ku Texas. Pepala ili lidafunsa funso lathu, pa odwala athu.

Chenjezo lawo lili ndi mutu, ndipo mungalione ndi pensulo. Titenge mwana wolemera makilogalamu 15, wopsa 15 peresenti ya thupi. Mwana wotere ali ndi magazi pafupifupi lita imodzi ndi mamililita 200 m'thupi lonse. Khungu lake lonse ndi lalikulu pafupifupi masikweya sentimita 6,000, ndiye kuti bala lake ndi masikweya sentimita 900. Gulu la ku Galveston lija lidayeza mu 1990 magazi otayika posenga khungu: mamililita 0.4 pa sikweya sentimita iliyonse ngati opaleshoni yachitika m'maola 24 oyamba, 0.75 ngati yachitika pakati pa tsiku lachiwiri ndi la 16, ndi pafupifupi 0.5 pambuyo pake. Chulukitsani 900 ndi 0.75. Mupeza mamililita 675, kuposa theka la magazi onse a mwanayo. Ku Texas thumba la magazi limakhala litapachikidwa kale mpeni usanakhudze khungu. Kuno mwanayo mwina wabwera ali kale ndi magazi ochepa chifukwa cha malungo ndi njoka zam'mimba, ndipo thumba limodzi lomwe lili m'furiji akulifunanso mayi amene akutaya magazi pobereka. Njira zochepetsera kutayaku zilipo: kumanga mkono kapena mwendo ndi lamba woletsa magazi, kubaya adrenaline wosungunula pansi pa bala, kusenga mbali ina lero, ina sabata yamawa. Koma taonani chinthu chimodzi. Nthawi yotaya magazi kwambiri ikuyambira tsiku lachiwiri mpaka la 16, ndiye kuti ikukhudza magulu onse awiri a ku Lilongwe. Magazi paokha sangafotokoze chifukwa chake tsiku lachinayi likhale loopsa kuposa tsiku lachisanu ndi chitatu.

Chimene chingafotokoze ndi mmene thupi limakhalira m'masiku oyambirirawo. Munthu akapsa malo aakulu, timitsempha ta magazi thupi lonse timachucha ngati mtsuko wong'aluka. Madzi amachoka m'magazi n'kukadzaza m'minofu, wodwala amatupa kunja koma mkati ali wouma, ndipo impso ndizo zimayamba kuvutika. N'chifukwa chake Charles Baxter wa pa chipatala cha Parkland ku Dallas adatisiyira kawerengedwe kamene tonse tidaloweza kusukulu: mamililita 4 a Ringer's lactate pa kilogalamu iliyonse pa peresenti iliyonse yopsa, theka m'maola 8 oyamba. Wodwala wa ku Galveston amalandira madziwa kuyambira m'ambulansi. Wathu amatha kufika tsiku lachiwiri asadaikidwe diripi ngakhale imodzi. Kumugonetsa munthu wotere, kumuvula m'chipinda chozizira, kumudula, n'kumuwonjezera bala lachiwiri pantchafu pomwe patengedwa khungu, kenako n'kumubwezera ku wodi chifukwa m'chipinda cha odwala mwakayakaya mulibe bedi, ndi kumusenzetsa katundu woposa msinkhu wake. Opaleshoni yofulumira siimayenda yokha. Imayenda ndi magazi, kutentha, chakudya chodzera m'paipi, khungu losungidwa lophimbira bala, ndi namwino woyang'anira wodwala mmodzi usiku wonse. Mpaka apa ndikugwirizana ndi olembawo.

Pomwe ndikusiyana nawo ndi pa kukula kwa kusiyanako, ndi pa mawu oti opaleshoniyo ndiyo idachulukitsa imfa. Kafukufukuyu sadagawe odwala mwamaere monga adachitira Herndon. Adangoyang'ana m'mbuyo zimene zidachitika. Ndipo mmene adagawira magulu muli msampha wodziwika bwino kwa onse amene adaphunzira kawerengedwe ka matenda: kuti munthu alowe m'gulu lochedwa, ayenera kukhala kaye ndi moyo mpaka tsiku lachisanu ndi chimodzi. Tiyerekeze ana awiri opsa mofanana, ofika tsiku limodzi. Woyamba walowa ku fiyeta tsiku lachitatu, wamwalira tsiku lachinayi. Imfa yake yalembedwa pa gulu lofulumira. Wachiwiri adokotala ati adikire mpaka sabata yamawa, koma nayenso wamwalira tsiku lachinayi, asadaone n'komwe chitseko cha fiyeta. Imfa yake siilembedwa pa gulu lochedwa, chifukwa opaleshoni sidachitike. Wasowa m'kuyerekezako. Njira yodikira yamupha, kapena yalephera kumupulumutsa, koma mlanduwo suigwera. Zili ngati munthu amene wabaya katemera nkhuku zotsala chitopa chitadutsa kale m'mudzi, n'kumauza anzake kuti katemera wochedwa ndiye wamphamvu chifukwa nkhuku zake sizidafe. Masiku asanu oyamba ndi omwe amapha opsa kwambiri ndi kuchepa kwa madzi, kufa kwa impso ndi utsi wa m'mapapo. Gulu lochedwa lidapepetedwa kale ndi masiku amenewa.

Msamphawu uli ndi pakamwa pachiwiri. Masiku adawerengedwa kuyambira tsiku lopsa, osati tsiku lofika kuchipatala. Inu amene mumagwira ntchito m'midzi mukudziwa mmene ulendo wa wopsa umayendera: tsiku loyamba kunyumba ndi mazira ndi mafuta, mwina kwa asing'anga, kenako ku chipatala chaching'ono, kenako cha boma, kenako kudikira galimoto. Aliyense wofika ku Lilongwe sabata itatha amagwera yekha m'gulu lochedwa, popanda dokotala kusankha chilichonse. Ameneyu ndi munthu amene thupi lake lapirira sabata yathunthu popanda chithandizo chokwanira. Anzake amene sadapirire adaikidwa m'manda kumudzi, ndipo mu kaundula wa chipatala mulibe dzina lawo.

Ndiye pali funso loti dokotala amasankha yani kuti alowe msanga. Sasankha mwachisawawa. Bala la phala lotentha kapena la madzi a tiyi pa mwana nthawi zambiri silidziwika kuya kwake tsiku loyamba. Pamafunika masiku 10 mpaka 14 kuti aone pomwe padzapola pokha ndi pomwe pafunika kumata khungu. Wotereyu amadikira, ndipo kudikirako n'koyenera. Koma munthu wa khunyu amene wagwera pamoto n'kukhalapo mpaka atatsitsimuka amabwera ndi bala loyera kapena lakuda, louma ngati chikopa, losamva kuwawa ukalikhudza. Apa palibe chokayikitsa, ndipo dokotala amafuna kulichotsa msanga. Onse awiri akhoza kulembedwa kuti 15 peresenti. Papepala ndi ofanana, pabedi ndi osiyana kutalitali. Kukula kwa bala ndi zaka za wodwala, zomwe ofufuzawo adaziganizira powerengeranso, ndi zinthu ziwiri zamphamvu kwambiri polosera imfa ya wopsa, ndipo adachita bwino kuyambira pamenepo. Koma sizitiuza za kuya kwa bala, za utsi, za kunyentchera, za kuchuluka kwa magazi asadalowe ku fiyeta, kapena ngati wodwalayo ali ndi HIV. Ngati odwalitsitsa ndiwo ankalowa msanga, gulu lofulumira likadakhala ndi imfa zambiri ngakhale mpeni ukadakhala wosalakwa.

Tisaiwalenso kuchepa kwa anthu. Mukasandutsa maperesenti aja kukhala anthu, mupeza 23 mwa 91 ndi 17 mwa 184. Nkhani yonse yaima pa imfa 40. Odwala asanu kapena asanu ndi mmodzi okha atasamuka kuchoka ku gulu lina kupita ku linzake, chithunzi chimayamba kusintha. Ndipo odwala 630 amene sadalowe ku fiyeta ali kunja kwa kuyerekezaku. Ambiri mwa iwo adali ndi mabala opola okha, n'zoona. Koma mwana wachiwiri uja, womwalira ali kudikira, alinso m'gulu limeneli.

Chimene chimandivuta koposa zonsezi ndi muyezo womwe. Pepalali likuyeza chinthu chimodzi: wamwalira kapena sadamwalire. Ndi muyezo wosavuta kulemba, ndipo palibe angatsutse kuti ndi wofunika. Koma kudikira kuli ndi mtengo wake umene muyezowu suuona. Tsiku lililonse limene khungu lakufa lili pathupi, tizilombo timachulukana. Amene mudatsukapo bala la sabata ziwiri mukudziwa bandeji yobiriwira ija ndi fungo lake. Ameneyo ndi Pseudomonas, ndipo akalowa m'magazi mankhwala athu ambiri samugwira. Pambuyo pa masiku oyamba, tizilombo tolowa m'magazi ndito timapha opsa ambiri. Thupi nalonso limakhala ngati ng'anjo: mwa wopsa malo aakulu, mphamvu zomwe limawotcha munthu ali chigonere zimatha kuyandikira kuwirikiza kawiri, ndipo likasowa chakudya limadya minofu yake. Mwana amene adalowa ali wonenepa amasanduka mafupa pa sabata zitatu, ndipo khungu lomatidwa pa mwana wonyentchera siligwira. Pali zilonda za m'mimba zimene Curling adazifotokoza kale mu 1842, zomwe zimatha kutulutsa magazi mwadzidzidzi. Pali kafumbata.

Ndipo pali zimene zimabwera wodwala atatuluka, pomwe kaundula watsekedwa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 kwadziwika kuti bala lotenga masabata oposa atatu kuti lipole nthawi zambiri limasiya chipsera chokhuthala, chonyerenyetsa, ndipo pa khungu lakuda ngoziyi ndi yaikulu. Chipsera chimakoka. Chikakhala pakhosi chimagwetsera chibwano pachifuwa, m'khwapa chimamata mkono kunthiti, m'dzanja chimapinda zala mpaka mwana kulephera kugwira pensulo, kuseri kwa bondo chimamusandutsa wokwawa. Wodwala amagona mopinda chifukwa ndi momwe ululu umachepera, ndipo mmene wagoneramo ndi mmene amaumira. Patapita zaka zambiri, chipsera chosweka kawirikawiri chimatha kusanduka khansa, chilonda chomwe mabuku amachitcha ndi dzina la Marjolin. Onsewa mu kafukufuku wathu alembedwa mbali ya opulumuka, ndipo adapulumukadi. Koma ndikamva kuti 9.2 peresenti, ndimafuna kudziwa kuti mwa 167 otsalawo ndi angati akulima, ndi angati adabwerera kusukulu. Ndimafunanso kudziwa kuti mayi wodikirira mwana adagona pansi m'wodi masabata angati, ana ena ali okha kumudzi, chifukwa gadiyani akatopa amapempha kutuluka bala lisadapole, ndipo zotsatira zake sitizimva.

Tsono pepalali likutilola kunena chiyani? Likutilola kunena kuti dokotala wa pa chipatala chosowa magazi ndi malo a odwala mwakayakaya asathamangire kusenga bala lalikulu pa wodwala amene madzi sadakwanire m'thupi, chabe chifukwa buku la ku America latero. Malangizo a 2016 a International Society for Burn Injuries, omwe adalembedwa poganizira malo osowa zipangizo, nawonso amavomereza kuti kumene zofunikazi kulibe, kuchita opaleshoni m'magawo kapena kudikira ndi njira yoyenera. Silikutilola kunena kuti tsiku lachisanu ndi malire opatulika. Ndipo silikunena chilichonse, ngakhale mzere umodzi, za kuchedwetsa ulendo. Kuchedwa kulowa ku fiyeta ndi kuchedwa kufika kuchipatala ndi zinthu ziwiri zosiyana. Masiku odikira m'wodi ya opsa ndi masiku a ntchito: madzi akuyezedwa, mkodzo ukuwerengedwa, magazi akusakidwa, mwana akudya chiponde, mazira ndi phala la likuni kangapo patsiku, mfundo zikuwongoledwa ndi a mafizo, bala likuonedwa ndi munthu amene waona mabala mazanamazana. Sabata ya pa chipatala chaching'ono chopanda zonsezi ndi sabata yongotayika.

Mbali yathu ili m'maola oyamba. Mu 1953 Douglas Jackson wa ku Birmingham adafotokoza kuti bala lamoto lili ndi zigawo zitatu: pakati pomwe pafa kale, kunja komwe kudzachira kokha, ndi chigawo chapakatikati chomwe magazi akuyendamo movutikira, chomwe chingachire kapena kufa m'masiku awiri otsatira. Chigawo chimenechi ndicho chili m'manja mwa mlangizi wa zaumoyo, wodzipereka wa m'mudzi ndi namwino wa pa chipatala chaching'ono. Madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, ngakhale patadutsa maola awiri kapena atatu chipsereni, amathandiza kuchisunga. Kafukufuku wa ku Queensland ku Australia, wa ana 2,495, wofalitsidwa mu 2020, adapeza kuti ana othiridwa madzi motere sankafunika kumatidwa khungu kawirikawiri ngati anzawo. Kunena chilungamo, nayenso ndi kafukufuku wongoyang'ana, wosagawa mwamaere, ndipo ndingamufunse mafunso ofanana ndi amene ndafunsa wa ku Lilongwe. Kusiyana kwake n'kwakuti madzi a pa mjigo alibe mtengo ndipo sapha, bola akhale madzi osati ayezi, ndipo mwanayo afunditsidwe mbali zosapsa kuti asazizidwe. Mazira, mafuta ophikira, mankhwala otsukira mano ndi dothi zimasunga kutentha ndi kubweretsa tizilombo.

Poyeza kukula, chikhatho cha wodwalayo pamodzi ndi zala ndi pafupifupi 1 peresenti, ndipo pomwe pangofiira popanda matuza sipawerengedwa. Kumbukirani kuti mutu wa khanda ndi pafupifupi 18 peresenti, kuwirikiza kawiri wa munthu wamkulu. Tchati cha Lund ndi Browder cha 1944 chidapangidwira zimenezi. Mwana wathu uja wa makilogalamu 15, pa kawerengedwe ka Parkland, akufunika mamililita 900 m'maola 24, ndipo 450 alowe m'maola 8 oyamba kuwerengera pa nthawi imene adapsa, osati imene wafika kwa inu. Mwana amafunanso madzi ake a tsiku ndi tsiku okhala ndi shuga pamwamba pa amenewa. Kawerengedweka ndi poyambira chabe. Wotiuza zoona ndi mkodzo, mililita imodzi pa kilogalamu pa ola kwa mwana, theka lake kwa wamkulu. Wopsa kumaso, m'manja, kumaliseche, pa mfundo, kuzungulira mkono, mwendo kapena chifuwa, wopsa ndi magetsi, wa mawu osasa amene adatsekeredwa mu utsi, ndi mwana aliyense wopsa kuposa 10 peresenti, apite lero. Mankhwala a ululu ndi katemera wa kafumbata aperekedwe. Maantibayotiki ongoteteza pa bala latsopano sathandiza, amangolera tizilombo tosamva mankhwala.

Pa zopaka ndingodutsapo. Silver sulfadiazine tidamuzolowera ngati mchere, koma kuunika kwa Cochrane kwa 2013 kudapeza kuti pa mabala osazama amachedwetsa kupola poyerekeza ndi zophimbira zina, ndipo kwa 2015 kudapeza kuti uchi umapoletsa mabala oterewa masiku anayi kapena asanu msanga kuposa njira zina zozolowereka. Izi ndi za mabala osazama. Pa bala lakuya palibe chopaka chimene chingameretse khungu.

Funso la ku Lilongwe likhoza kuyankhidwa bwino popanda ndalama zambiri, mwinanso ndi kaundula yemweyo. Koloko iyambe tsiku lofika, wodwala aliyense wa bala lakuya awerengedwe kuyambira pamenepo, ndipo amene wamwalira akudikira alembedwe pa njira yodikira. Kapena atenge okhawo amene ali moyo tsiku lachisanu n'kuyerekeza amene adachitidwa kale ndi amene sadachitidwe. Pa fomu yolandirira wodwala pawonjezeredwe kuya kwa bala, muyezo wa mkono, kuchuluka kwa magazi, madzi amene adalandira asadafike ndi matumba a magazi amene adalipo tsiku la opaleshoni. Ndikukayikira kuti tikatero tipeza kuti chofunika si tsiku la pa kalendala koma kukonzeka kwa wodwala, ndipo kuti mwana wopsa dzanja lokha, amene sangataye magazi ambiri, amapindula ndi opaleshoni yofulumira ngakhale kwathu kuno. Kumeneku ndi kuganiza kwanga chabe, ndipo ndingakondwe wina atanditsutsa ndi ziwerengero.

Zina mwa ziwerengerozo sizingachokere ku yunivesite. Wodwala akatuluka amabwerera kudera lanu, ndipo amene angamuone pakatha miyezi isanu ndi umodzi ndi pakatha chaka ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzimo. Mafunso ake ndi ochepa: ali moyo, bala lidatsekeka, akutha kuwongola chigongono ndi bondo, akutha kufumbata ndi kutambasula dzanja, wabwerera kusukulu kapena kumunda, ndipo ngati ndi wa khunyu, akumwa mankhwala ake. Zina zimayambira pa kalata yotumizira wodwala. Makalata ambiri amene ndaona amangoti wapsa, atumizidwe. Lembanipo tsiku ndi ola limene adapsa, chimene chidamuwotcha, zimene adapakidwa kunyumba, kulemera kwake, madzi amene mwamupatsa ndi nthawi imene mudayamba, ndiponso ngati wakodza.